Masamba pa Msewu wa ku Bolton

"Bambo, pano saimapo! Ndi lamulo la kuno!" Nthanda anakuwa, koma a Mkandawire, omwe anabwera ku Bolton kuchokera kumudzi kudzaona adzukulu, anali ataimitsa kale galimoto n'kuvula chipewa.

"Sukuwaona masambawo? Pali maliro apa."

Nthanda anawaonadi. Zinali nthambi zaziwisi, zoyalidwa bwinobwino mopingasa msewu ngati kumudzi. Mphepo kunalibe.

Wapolisi anagogoda pagalasi. Nthanda anapepesa m'Chingerezi, n'kufotokoza kuti bambo ake ndi mlendo, ndipo kwawo masamba pamsewu amalengeza maliro.

Wapolisiyo anayang'ana msewu, kenako anayang'ana iye. "Masamba ake ati, mayi?"

M'chikwama mwa Nthanda foni inayamba kulira. Nambala inali ya kumudzi, komwe amayi ake anatsala okha.