Ayezi Wodikira a Steven

Kamakina kopangira ayeziko kankagwetsa timibulu ta ayezi naini tokha pa mphindi khumi zilizonse, ndipo Eveles ankatiwerenga mtima uli m'mwamba.

Anali atakabwereka m'mawa womwewo kuloji ya ku Senga Bay komwe ankaphika. Bwana wake anamulangiza bwinobwino: akaike posapendekeka, asakayatse mpaka patadutsa maola awiri, madzi asapitirire pamzere, ndipo ayezi woyamba ataye. Maola awiriwo anamuwawa kwabasi. Woyambayo sanataye n'komwe.

Panja panali chimwemwe chokhachokha. Mbuzi inali itaphedwa kale, azimayi a kumpingo akuyeserera nyimbo pansi pa mtengo wa mango. Achimwene ake, a Steven, amene anathawira ku Tanzania zaka makumi awiri zapitazo chifukwa cha ndale, ankayembekezeka kufika tsiku limenelo. Zinthu zinali zitasintha, othawa ankabwerera kwawo. Zaka zonsezo mayi awo nyimbo yawo inali imodzi: "Steven adzandipeze m'nyumba mwanga muno, andione nkhope."

Koma dzuwa la Okutobala ku Salima lilibe chibale. Ayezi ankasungunukira m'kabasiketi momwemo. Eveles ankamukokolera msanga m'matumba apulasitiki, n'kuthamanga nawo kuchipinda chamkati komwe kunali kozizirirako. Magetsi akangophethira, thukuta linkamutuluka kawiri.

Salome, msuweni wake, anasuzumira kukhitchini.

"Asisi, Fanta yatentha ngati tiyi kunjaku. Tigawireniko pang'ono, kuumira kwanji kumeneku?"

"Dikirani achimwene afike."

"Nanga azakhali sakutuluka?"

"Asiyeni, dzulo anatopa ndi zokonzakonza."

Salome anachoka akung'ung'udza kuti anthu ogwira ntchito kwa azungu amanyada ngakhale ndi madzi.

Chakumasana a Binali, mlonda wa kuloji, anafika panjinga ndi uthenga. A Steven anali ataimba foni kuloji ali ku Karonga. Basi inali itafa, ndipo afika mawa masana.

Panja anthu anangoseka. Zaka makumi awiri adikira, tsiku limodzi n'chiyani? Wina anati nyama aiwambe, wina anayambitsanso nyimbo.

Eveles anakhala pansi n'kuyang'ana kamakinako. Kanali katatentha kumbali, kakulira ngati katopa. Naini pa mphindi khumi, mpaka mawa masana. Anachita mantha kuposa m'mawa muja. Anathiramo madzi ena mpaka pamzere, n'kunyamula thumba lomwe linali litadzaza theka.

Atalowa kuchipinda anakhoma chitseko. Matiresi anali atanyowa. Anavundukula nsalu, n'kusintha matumba osungunuka aja pamimba ndi pachifuwa pa mayi ake, amene anawapeza atazizira m'mawa pokawapatsa tiyi.

"Pirirani mpaka mawa, amayi," ananong'ona, akuluma chitenje kuti mawu asatuluke. "Ndikangolira lero, ndi kutentha kumeneku, akuikani lero lomwe."