Atelala Atuluka M'gulu la Achibale

"Basi, ndatulukamo," anatero atelala, akutsekera foni m'kabati. Adokotala anali atawachenjeza kuti magazi awo akuthamanga kwambiri, ndipo gulu la achibale la pafoni linkangowabweretsera za ngozi, matenda ndi mikangano.

Kwa masiku atatu anasoka mtima uli m'malo, akuimba likhweru.

Tsiku lachinayi azakhali awo anatulukira ndi chikwama chachikulu, nakhala pampando wa makasitomala.

"Mwanawe, tamva kuti foni yako yawonongeka. Abale andituma kuti nkhani zisakupite." Anavula nsapato, natulutsa kope m'chikwamamo. "Ndiyambe ndi maliro kapena osudzulana?"

Atelala anaimitsa makina.

"Mukhala mpaka liti, azakhali?"

"Mpaka uikonzetse."