Malo Amodzi Opita ku Kitwe

Malo opita ku mpikisano wa masamu ku Kitwe anatsala amodzi. Aphunzitsi, Ba Mulenga, analemba 804,651 pa bolodi.

"Kodi iyi ndi pulaimu, yosagawika ndi nambala ina? Woyamba kukhoza ndiye apita."

Purity anali akadagawa ndi 7, pensulo ikuterera ndi thukuta, pamene mnzake Dolly anaimika dzanja.

"Iyayi, Ba Sir. Mukaphatikiza manambala akewo mupeza 24, ndiye igawika ndi 3."

Njira imeneyi anamuphunzitsa ndi Purity yemweyo, dzulo lomweli, mu minibasi ya ku Chifubu.

Kalasi yonse inawomba m'manja. Dolly anamugunda Purity ndi chigongono, akumwetulira.

"Mwana, mawa undiphunzitsenso ya 11, ka?"

Purity ankaidziwa bwinobwino. Anatseka kope lake pang'onopang'ono.

"Imeneyo sindiidziwa," anatero.