Mpando, Nkhunda, Mtsinje

"Mawu atatu ndinakuuzani poyamba aja, mungawatchule, mayi?" anafunsa dokotala, cholembera chili m'manja.

Mmisiri wa matabwa anafinya chipewa chake pamaondo. Mkazi wake anali pampando wapambali, maso ali kukhomo. Panja pabenchi, mwana wawo wamkazi ankadikira ndi chikwama cha zovala za mayi ake. Anali atanena kale mosapita m'mbali kuti mayi akalephera mayeso a lero a matenda awo oiwalaiwala aja, awatenga azikakhala nawo kwake. "Ababa, nokha simungathe."

Koma mkuluyu anali ndi kachinsinsi kake. Pa maulendo apitawo anaona kuti dokotala sasintha mafunso: mawu omwewo, zithunzi zomwezo. Choncho anayamba kuphunzitsa mkazi wake kunyumba, m'mawa ndi madzulo, pathebulo lomwe anamukhomera chaka chimene anakwatirana. Zithunzizo anazijambula yekha ndi pensulo pa zidutswa za matabwa.

Mayiyu kale anali wachipongwe. Akanati, "Inu a Chimutu, sukulu munaithawa muli ndi mamina, lero mwadziwa chiyani?" Koma masiku ano ankakhala phee, manja pamiyendo, phunziro likatha n'kuthokoza. Mkuluyu ankati limeneli ndi khama.

"Mpando," anatero mayiyo. "Nkhunda." Anayang'ananso kukhomo. "Mtsinje."

Dokotala anakweza nsidze. Kenako anayala zithunzi zambiri pathebulo, zakale ndi zatsopano pamodzi.

"Lozani zimene ndinakuonetsani mutangolowa."

Chala chinapita molunjika, osaphonya ngakhale chimodzi.

Mtima wa mkuluyu unakhala pansi. Anadziona kale akulanda chikwama chija, akubwezera zovala m'kabati, akutereka madzi a tiyi wa anthu awiri. Anafuna kugwira dzanja la mkazi wake, koma anachita manyazi ndi dokotala, nangosisita chipewa.

"Mwandidabwitsa," anatero dokotala. "Ulendo watha simunatchule ngakhale liwu limodzi. Lero mwakhoza zonse, mayi."

Nkhope ya mayiyo inawala ngati ya mwana.

"Nanga mukungoyang'ana kukhomo bwanji?" anafunsa dokotala akuseka. "Mwatopa nafe eti?"

"Ayi, adokotala. Ndikudikira amuna anga, ndiwauze kuti ndakhoza. Iwo aja akagwira matabwa saona dzuwa." Anatembenukira kwa mkuluyo, nawerama pang'ono mwaulemu. "Zikomo kwambiri, aphunzitsi. Mukawaona panjapo, muwauze alowe."