Ndege ya Wezi

"Kwezani mawu, mwana wanga atchulidwa pompano!" anatero Mayi Getrude, amayi anzawo a Umanyano, gulu la amayi la kutchalitchi, atadzaza m'nyumba mwawo ku Nkhata Bay.

Pa kanema panaoneka ndege yoyamba yopangidwa m'dziko muno, mapulopela ake awiri akuzungulira. Mwana wawo Wezi ndiye anavutika ndi mapulani ake zaka zisanu ndi zinayi, iwo akumusalira kudya Lachinayi lililonse.

Koma woitanidwa kudzalankhula anali Lyton, mnzake wa Wezi wakuntchito, amene ankadya pakhomo pawo ngati mwana wawo.

"Ndegeyi Ambuye anandionetsa ine ndekha m'maloto," anatero Lyton.

Nyimbo yachiyamiko imene anali atangoiyamba inawafera pakhosi Mayi Getrude.

"Amake Wezi, si mwana wanu uyo?" mayi wina analoza.

Anali iyeyo ndithu, ataima kumbuyo, akumugwirira Lyton ambulera.