Fayilo ya Nambala 27

Kompyuta inakana kachitatu. Mayi Rahima anapukuta magalasi ndi nsonga ya mpango, nalembanso pasiwedi yawo ndi chala chimodzi, koma mawu ofiira aja anabwerera pomwepo: mulibe chilolezo chotsegula fayiloyi.

Linali Lachisanu, tsiku lotumiza lipoti la sikelo ya amayi oyembekezera. Sabata imeneyo pa kachipatala ka ku Lirangwe panabwera amayi makumi anayi ndi atatu. Mafayilo awo onse anatseguka bwinobwino kupatula imodzi, ya nambala 27, yolembedwa Lachiwiri. Dzina silinkaoneka, mudzi osaoneka. Nambala yokha basi.

Lachiwirilo iwo anali kumaliro ku Madziabango. Pampando wawo panatsala Safia, mtsikana wa dipuloma amene anabwera mu Januwale ndi nsapato zogogoda.

Mayi Rahima anali atagwira ukalaliki pamenepo zaka khumi ndi zinayi. Anayamba nthawi ya mabuku akuluakulu odyedwa ndi chiswe. Anadutsa nthawi imene pasiwedi ya chipatala chonse inali yomata pakhoma, m'munsi mwa kalendala, mpaka mlonda ankailoweza. Tsopano aliyense anali ndi yake, ndipo makina ankasankha kuti uyu aone izi, uyo asaone. Iwo analibe nazo mlandu. Chimene ankadziwa n'chakuti masiku ano munthu sachotsedwa ntchito ndi kalata. Amayamba akutsekera khomo limodzi, mawa lina. Bambo wa kufamase zinawayamba chonchi chaka chatha, ndipo pano amangokhala pakhonde kwawo ku Kuntaja, kuthamangitsa nkhuku.

Mayi Rahima anamufunsa Safia chimene chinachitika Lachiwiri. Mtsikanayo anati palibe, maso ali pa sitepula yomangira mapepala. Anamuuza kuti ayese kutsegula ndi pasiwedi yake. Iye anati netiweki ikuvuta. Netiweki inali bwinobwino, foni yake inali ikungolira mauthenga m'thumba.

Anapita kwa a Martin, dokotala woyang'anira pamalopo. Awo anamvetsera akusanja mapepala amene anali osanja kale, kenako anati nambala 27 aisiye, ailemba okha mu lipoti. Pa zaka zonsezi a Martin anali asanadziperekepo kulemba kanthu, ngakhale dzina lawo lomwe m'kaundula wa m'mawa. Mayi Rahima akutuluka, adokotalawo anawafunsa ngati anayezetsa BP posachedwapa, nawauza kuti asamadzipanikize ndi ntchito.

Apo nkhani inamveka. Bwana akayamba kudera nkhawa BP yako, ndiye kuti mpando wako analonjeza kale wina.

Anabwerera pa tebulo lawo, nayang'ana katundu amene adzanyamule: kapu, khushoni, ka fani kosweka phiko. Zonse zikanakwana m'jumbo imodzi. Sanalire, nthawi yake analibe. Anangotsimikiza chinthu chimodzi, kuti ngati akuchotsedwa, wina awauze ndi pakamwa, osati kutuma makina.

Chakumasana kunamveka njinga yamoto. Anali Wyson, katswiri wa makompyuta amene amazungulira zipatala za kuderali kuchokera ku Blantyre. Anabwera kudzakonza makina osindikizira, amene anali atayamba kutafuna mapepala. Mayi Rahima anamutchingira pakhomo asanavule chipewa.

"Achimwene, makinawo adikire. Mundiuze amene wakutumani kuti munditsekere."

Wyson anati palibe amene wamutuma. Iwo anati iye ndiye amagawa makiyi a m'kompyutamo, ndiye asawatenge ngati mwana. Anamukokera pa tebulo ndi kumuonetsa mawu ofiira aja. Safia ananyamuka mwakachetechete, akuti akukatunga madzi. A Martin anatulukira pakhomo la ofesi yawo, nanena kuti nkhaniyi akambirana Lolemba, modekha.

"Lolemba ndikhala ndili pano ine?" anafunsa mayi Rahima. "Ndakhala pampandowu mtsikanayu asanamalize pulayimale. Lero fayilo imodzi, mawa zonse. Nenani lero, ndikapume."

Wyson anali munthu wokonda ntchito yake, ndipo sankafuna kuti makina ake anamiziridwe. Anakhala pansi, nalowa ndi pasiwedi yake, nayang'ana mndandanda wa zilolezo. A Martin anatsokomola. Wyson sanamve. Anayendetsa chala pagalasi mpaka pa dzina la mayi Rahima, kenako anamwetulira ngati munthu wobweretsa uthenga wabwino.

"Amayi, mtima pansi. Zilolezo zanu zonse zilipo, mwinanso kuposa za adokotala. Palibe akukuchotsani."

"Nanga 27?"

A Martin anatsokomolanso, mokweza.

"Imeneyo ndi lamulo chabe. Paja tonse tinalemba fomu ya mayina a apabanja pathu? Makinawa amamubisira wantchito fayilo ya munthu wa m'nyumba mwake. Lamulo labwino kwambiri, limasunga chinsinsi cha wodwala."

Anaimirira wokhutira, nafunsa kumene kuli makina otafuna mapepala aja.

Mayi Rahima anakhala pampando wawo, umene tsopano unali wawo ndithu. Pa fomu ija analembapo anthu asanu: amuna awo, anyamata awo atatu, ndi Zulfa, mwana wawo wamkazi, woyenera kuyamba koleji ya uphunzitsi mu Seputembala. Mwa asanuwo, wolembetsa ku sikelo ya amayi oyembekezera akanakhala mmodzi yekha.