Foni Yosalira ya Aphunzitsi

"Muli nafe, anthu a m'dera lino? Tiimbireni tikumveni," anatero Aphunzitsi ali chitsinzinire, kenaka n'kutchula nambala pang'onopang'ono ngati akulembetsa ana m'kalasi.

Foni yawo inali duu patebulo. Dzulo inali duu, dzana chimodzimodzi.

Limeneli linali tsiku lomaliza. Bungwe lothandiza mawailesi ang'onoang'ono linawabwereka makina oulutsira mawu kuti ayesere. Pangano linali losavuta: anthu akamaimba foni kusonyeza kuti akumvera, makina akhala, kukakhala zii, apita kudera lina la mzinda. Mayi wa kubungweko anali pakona, chikwama pamiyendo, akuyang'ana wotchi mwakuba.

Chipindacho kale chinali shopu yosokeramo zovala ya malemu akazi awo. Maikolofoni anaimangirira patebulo la makina osokera. M'makoma anakhomamo mathireyi a mazira ndi nsanza zotsala kuti phokoso la maminibasi lisalowe. Ganizo la wailesi linali la malemuwo. Ankati anthu a kuno amangomva za eni, zawo amakazimvera pamzere wotunga madzi. Anamwalira chilolezo cha wailesiyo chisanatuluke. Chibwerere kumanda, foni ya malemu inali m'dirowa ya tebulolo pamodzi ndi sizasi, yozimitsa, ndipo Aphunzitsi ankaopa ngakhale kukhudza chogwirira.

Koma mutu wawo okha ankaunyadira. Moyo wonse anaphunzitsa masamu, ndiye kulemba nambala papepala ankati ndi ulesi. Ngakhale kale, poimbira mayi a kunyumba masana aliwonse kuwafunsa ngati adya, sankafufuza dzina m'foni. Zala zinkadziwa zokha.

Mlamu wawo, wokonza mawailesi, ankakhalira padenga kulimbana ndi mlongoti umene mphepo inkangoupotoza. Tsiku lina anatsika, n'kuyenda ndi kawailesi kam'manja mpaka kumsika. Ali komweko anapeza dzina la Aphunzitsi m'foni mwake n'kuimba. Foni inalira bwinobwino.

"Alamu, mawu akumveka ngati muli pambali panga," anatero. "Foni nayo ndi imeneyi mwayankhayi. Vuto si zida ayi."

Ngati si zida, ndiye kuti ndi anthu. Zimenezi zinawapweteka Aphunzitsi kuposa kugwa kwa mlongoti.

Anayesa zonse. Anakamba za mipopi youma. Anakamba za ngalande imene imasefukira m'nyumba za anthu mvula ikangoti waa. Anaika nyimbo za achinyamata zimene iwo eni ankati ndi phokoso la zitini. Kumene kuli wailesi sankatchula, kuopa akuba, choncho panalibe wobwera kudzagogoda. Madzulo ankadzera njira ya kuseri, manyazi atawagwira, kuti asakumane ndi munthu.

Tsopano anayandikira maikolofoni komaliza.

"Abale anga, ngakhale kunditukwana, imbani. Munene kuti mkuluyu akutisokosa. Munthu mmodzi yekha basi."

Anatchulanso nambala, n'kuibwereza. Iwo ndi mayi wa kubungwe anayang'ana foni. Panja kondakitala ankakuwa kuitana anthu. Foni osalira.

Mayi uja anaimirira mwaulemu. "Pepani bambo, mwayesetsa. Mwina anthu a kuno sanakonzeke."

Aphunzitsi anafuna kupempha masiku ena, koma akanapempha ndi chiyani? Anangogwedeza mutu. Mlamu wawo anatsika padenga, anazula nthambo osayang'ana munthu kumaso, n'kunyamula makina kukaika m'galimoto ya bungwe. Galimoto inaguguza, inakhota pakona, basi yapita.

Anatsala okha m'chipinda chonunkha mafuta a makina osokera. Anamva kuti awagwiritsa mwala malemu, ndipo anafuna kuwapepesa, koma analibe powapeza. Kwa nthawi yoyamba anakoka dirowa ija. M'foni ya malemu munali chithunzi chawo akuseka, tepi yoyezera ili m'khosi. Ankangofuna kuchiona.

Anaibaya pamagetsi pomwe panali makina aja, n'kuiyatsa.

Chithunzi sichinaoneke n'komwe. Foni inayamba kunjenjemera m'manja, mauthenga akugwa ngati matalala: uyu anakuimbirani, uyu anakuimbirani, manambala achilendo okhaokha. Asanamvetse, inalira. Anayankha.

"Eee, mwayankha lero!" anakuwa mayi wina, kumbuyo kukumveka ana ndi zidebe. "Ndi kuwailesi kumeneko? Tatopa n'kuimba nambala mumatchulayi, ingoti yazimitsidwa. Tili gulu pano pampopi, tikufuna tinene za madzi. Nanga wailesi mwatsekeranji, bambo?"

Aphunzitsi anayang'ana pashelefu popanda kanthu, pamene panali makina aja. Nambala yawoyawo anali asanaiimbepo chigulire foni. Imene ankaidziwa pamtima inali imodzi yokha.